Botolo la Amayi

Ndirande, Goliyo,
Blantyre.
26 Okutobala, 1972.

Okondedwa achimwene Abbas,

Asalamu alaikumu. Ndayamba kalatayi Lachinayi masana, dzuwa litangopendeka pang'ono. Kuno kwatentha kwambiri. Mitambo imasonkhana pamwamba pa phiri tsiku ndi tsiku koma imabalalika osagwetsa kanthu, ndipo malata a nyumba akuchita kulira okha. Ndakhala kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa papaya uja munabzala musanachoke. Wabereka, koma zipatso zake n'zazing'ono.

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku migodi ya ku Joni pamodzi ndi anzanu a m'komponi. Kalata yanu ya mwezi wa Ogasiti tinalandira, ndi bulangete lomwe. Amayi analiika m'sutikesi, akuti adzafunda mu Juni. Pepani kuti ndachedwa kuyankha. Ndinayamba kawiri n'kung'amba. Mukudziwa kuti ine kulankhula kumandivuta, koma ndaona kuti kulemba nakonso sikophweka.

Nkhani ndi ya amayi. Musadzidzimuke, ali moyo, ndipo pamene ndikulemba pano ali m'nyumba akusankha mpunga. Koma anadwala, ndipo pa kudwala kwawoko pali mbali imene ndinachita ine. Ndilemba monga mmene zinayendera kuti muweruze nokha.

Zinayamba mu Julayi, kukuzizira. Amayi anayamba kumwa madzi kwambiri. Ndowa ziwiri zimene ndinkatunga pa mpopi zinasiya kukwana, ndinayamba kutunga zinayi. Kumsika, pamene amakazinga mandasi, ankakhala ndi chigubu pambali, ndipo ola lililonse ankasiya chiwaya m'manja mwa amake Eliness, aja oyandikana nafe ogulitsa tomato, n'kuthamangira kuseri. Amake Eliness ndiwo anayamba kunena.

"Abiti Hussain, inu mwasanduka paipi. Chothira kumwamba chikutulukira pansi nthawi yomweyo. Pitani kuchipatala, mwina ndi shuga."

"Shuga ndi matenda a mabwana," anatero amayi. "Ine ndingamupeze kuti, tiyi ndimamwa wa supuni imodzi?"

Anakana miyezi iwiri. Tinapita Lolemba pa 25 Seputembala, miyendo itayamba kuwalemera. Pa siteji achinyamata anafunsa makadi a chipani, tinali nawo, tinakwera basi bwinobwino. Kuchipatala chachikulu amene anationa ndi bambo Ambrosi. Si dokotala wamkulu, koma onse amawatcha adokotala. Ndi munthu wamfupi, wadazi, wolankhula ngati mphunzitsi wa Sitandade 4.

Anapempha mkodzo. Pepani achimwene kuti ndikulemba mawu otere okhudza amayi athu, koma nkhaniyi ilibe njira ina. Pang'ono anauwiritsa pa kamoto pamodzi ndi mankhwala a buluu. Mtundu sunasinthe, ndiye kuti shuga palibe. Amayi anati, "Ndinanena ine." Wotsalawo anauthira m'galasi lalitali n'kuikamo kagalasi kena konga cholembera, kokhala ndi manambala m'mbali. Kanamira kwambiri. Adokotala anakayang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati amayi anadwalapo likodzo.

"Kwathu ku Mpondasi mwana aliyense ankakodza magazi," anatero amayi. "Tinkati ndi kukula."

Pamenepo adokotala anatenga pepala n'kuyamba kujambula. Anati, "Mayi, impso zanu ziwirizi zimasefa magazi usana ndi usiku. Madzi amene zimasefa pa tsiku limodzi angadzaze mgolo uja wa magaloni makumi anayi."

"Mgolo? Ine? Nanga ndimausunga pati?"

"Simuusunga. Madziwo akangosefedwa amalowa m'timapaipi tochepa kuposa tsitsi lanu, ndipo timapaipito timawabwezera m'magazi, pafupifupi onse. Otayika pa tsiku ndi mabotolo awiri okha a Sobo, onyamula zonyansa za m'thupi."

Anajambula kapaipi kamodzi, kotsika pansi n'kupindika ngati mbedza n'kukweranso. Anati kumene kamatsikirako, mkati mwenimweni mwa impso, kuli mchere wambiri. Anafunsa amayi zimene zimachitika akathira mchere pa nsomba yong'amba. Amayi anati imatuluka madzi. Adokotala anati n'chimodzimodzi, mcherewo umakoka madzi m'timapaipi ndipo magazi amawatola. Anatinso munthu akakhala nthawi yaitali osamwa, mutu umatumiza uthenga kudzera m'magazi kuti timapaipi titsegule zitseko zonse, madzi abwerere ochuluka. N'chifukwa chake mkodzo wa munthu waludzu umakhala wochepa, wofiirira ndi wolemera, ndipo kagalasi kaja kamayandama pamwamba. Munthu akamwa kwambiri uthengawo umasiya, mkodzo n'kuchuluka n'kuyera. Mantha awo anali akuti mwina likodzo lakale linawononga timapaipi ta amayi, moti madzi akungodutsa osabwerera. Ngati zili choncho, amayi sakutaya madzi chifukwa chomwa kwambiri. Akumwa kwambiri chifukwa akutaya.

Ndalemba zonsezi chifukwa ndinazimva bwino. Sindinganene kuti sindinkadziwa.

Amayi anafunsa chinthu chimodzi chokha. Anati Ramadhani ikuyamba pakatha masabata awiri, kodi afunga, kusala kudya ndi kumwa masana onse?

"Ine ndine Mkatolika, za kufunga kwanu sindingalamule," anatero adokotala. "Koma botolo ili lilamula."

Anatipatsa kabotolo kotsekera. Anati Lamulungu dzuwa likalowa amayi asamwe kanthu mpaka kucha. Mkodzo woyamba wa m'mawa ataye, wachiwiri aike m'botolo, kenaka amwe msanga. Botololo nditha kubweretsa ndine, iwo asataye tsiku la msika. Kagalasi kakayandama pamwamba ndiye kuti impso zikudziwabe kusunga madzi, afunge. Kakamira, asayerekeze.

Lamulungulo madzulo amayi ananyamula ndowa zonse ndi mtsuko womwe n'kukasiya kwa amake Eliness, kuopa kuti angaiwale n'kumwa ali m'tulo. Choncho inenso sindinamwe. M'mawa mwake anatuluka kubafa ali ndi botolo lija, milomo itauma. Anaima pakhomo n'kuliyang'anitsa padzuwa. Munali ngati madzi a pa mpopi. Analiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenaka anakataya kuseri, analigwedeza kuti lidonthe lonse, n'kundipatsa ine.

"Pita kubafa."

"Amayi..."

"Ndati pita. Kapena ndilankhule Chingerezi?"

Ndinapita. Wanga unali ngati tiyi wopanda mkaka. Amayi anakulunga botololo m'kansalu n'kundiikira m'thumba.

"Akakafunsa, ukangoti ndi wa Abiti Hussain. Si bodza. Iwe si wanga kodi?"

Achimwene, kuchokera pa Goliyo kukafika kuchipatala ndinayenda wapansi, ndipo panjira pali ngalande zambiri momwe ndikanatha kutayamo botololo n'kudzanena kuti lasweka. Ndinaziona zonse. Kuchipatala tinali anthu ngati khumi pa benchi, aliyense atabisa botolo lake, wina m'pepala la nyuzi, wina m'chipewa. Itafika nthawi yanga adokotala anathira m'galasi n'kuikamo kagalasi kaja. Kanaima pamwamba. Anakakankhira pansi ndi chala, kanabwerera. Anachita kawiri.

"Zodabwitsa," anatero. "Koma kagalasi aka sikadziwa kunama. Kawauzeni afunge. Akamva chizungulire amwe, ndipo mwezi ukatha abwerenso."

Analemba pa khadi. Ine ndinati zikomo. Ndiwo mawu okha amene ndinalankhula m'chipindamo.

Tinayamba kufunga pa 9 Okutobala. Amayi ankamwa pa futari, pomasula madzulo, mpaka mimba kuuma gwa, pa daku, chakudya cha mbandakucha, n'kumwanso, koma ikamakwana naini koloko m'mawa onse anali atatuluka kale. Kuyambira pamenepo ankakhala pa mbaula mpaka madzulo, m'dzuwa la mwezi uno, ndipo kuseri ankapitabe. Tsiku lachitatu anasiya kuitanira anthu malonda. Tsiku lachisanu maso analowa. Ndikati, "Amayi, adokotala anati chizungulire," iwo ankatulutsa khadi lija m'mpango n'kundionetsa, ngakhale sadziwa kuwerenga. Amake Eliness nawonso anaonetsedwa khadi lomwelo, ndipo anati ngati achipatala alemba, iwo ndani kuti atsutse.

Anagwa tsiku lachisanu ndi chitatu, Lolemba pa 16, cha m'ma thu koloko. Ine ndinali pa mzere ku mpopi. Akuti anadzuka kuti atembenuze mandasi n'kugwera cham'mbali. Mafuta anatayikira pansi, sanawapse. Bambo wina wa lole ya makala ndiye anawatengera kuchipatala, amake Eliness atawagoneka pamiyendo. Ine ndinafika atawaika kale madzi olowera pamkono. Atatsegula maso ananditcha Asia, dzina la mng'ono wawo uja anamwalira ife tisanabadwe. Nzeru zitabwerera, m'mawa mwake, chinthu choyamba kufunsa anamwino chinali chakuti kodi madzi a pamkonowo amathyola kufunga.

Lachitatu adokotala a Ambrosi anandiitanira pakhonde la wodi. Anati amayi anafika atauma ngati nsomba yoyanika pathandala, khungu ukalitsina osabwerera, koma mkodzo umene anamwino anatenga tsiku lomwelo unali woyera, ndipo kagalasi kanamira monga poyamba paja.

"Impso sizichira Lolemba n'kudzadwalanso Lolemba linalo," anatero. "Botolo lija linali la yani?"

Ine ndinayang'ana nsapato zawo. Chingwe chimodzi chinali chakuda, china chofiirira.

"Muli ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi zinayi."

"Impso zanu n'zabwino kwambiri, chemwali. Mayeso munakhoza, koma munalembera munthu wina."

Sanaseke ndipo sanakalipe. Anati chimene chinawonongeka sichidzabwerera. Amayi akamamwa nthawi iliyonse imene amva ludzu, n'kuchepetsa mchere m'ndiwo, angakhale nafe zaka, koma kuchuluka kwake sangathe kunena. Akadzaumanso ngati mmene anachitiramu, impso zikhoza kuima zonse, ndipo pamenepo iwo alibe chochita. Anafunsa ngati kunyumba kuli mwamuna. Ndinati bambo anamwalira, achimwene ali ku Joni. Anati ndikulembereni. Kenaka analowa m'wodi n'kuwauza amayi zomwezo, ine ndili pomwepo, ndipo anatenga khadi lija n'kulemba mzere pa mawu awo akale. Nthawi yonseyo amayi sanayang'ane adokotala. Ankayang'ana ine.

Anatuluka m'chipatala Lachinayi. Lachisanu anadzuka pa daku n'kufunga.

Loweruka ndinapita kwa Shehe Ismael. Ndinaima pa mpanda wawo pafupifupi ola ndisanapeze mawu, ndipo potsiriza ndinauza akazi awo, iwo ndiwo anakawauza ashehe. Anabwera tsiku lomwelo. Anakhala pa mpando wa malemu bambo n'kufotokoza kuti wodwala sakakamizidwa kufunga, ndipo amene matenda ake sadzachira amadyetsa munthu wosauka mbale imodzi pa tsiku lililonse limene wadumpha, basi, mlandu palibe. Anati kudzipha ndi ludzu si kupembedza. Amayi anagwada pakhomo la kuchipinda atafunda mpango, akuti, "Ndamva, ashehe. Zikomo, ashehe. Mulungu akudalitseni, ashehe." Ashehe atapita ndinawabweretsera kapu ya madzi. Anati ndikathirire papaya.

Madzulo a tsikulo, titamasula, ndinawafunsa chifukwa chake. Sindinawafunsepo chifukwa cha chinthu chilichonse chibadwire, ndiye mwina anadabwa, n'chifukwa chake anayankha. Zimene ananenazo anandiletsa kukulemberani. Ndilemba.

Akuti tsiku limene tinakuperekezani ku Wenela, kumene amalembera opita ku migodi, mutalowa pa geti paja ndi kasutikesi kanu, iwo analonjeza Mulungu kuti inu mukakhala muli pansi pa nthaka sadzadumpha ngakhale tsiku limodzi la Ramadhani, kudwala kaya kusadwala. Chaka chatha anakwanitsa masiku onse. Ndipo chaka chathacho ndi pamene munatilembera za mwala uja unagwa n'kupha mnzanu wa ku Mulanje, inu muli pafupi naye.

"Mwana wanga anatuluka bwanji wamoyo?" anandifunsa. "Ukuganiza kuti ndi chipewa chachitsulo chija?"

Ndinati ashehe anena kuti mlandu palibe. Anati ashehe sanalipo pa geti paja.

Zimene ndinachita pambuyo pake sindinaziganizire kwambiri, ndipo sindinafunse munthu. Lamulungu pa 22 tinafunga tonse awiri. Adhana ya magharibi, yoitanira mapemphero a madzulo, itamveka amayi anamwa makapu awo atatu n'kundipatsira kapu. Ndinaiika pansi.

"Imwa, nthawi yakwana."

"Ndidzamwa inu mukadzamwa masana."

"Wati chiyani?"

Ndinabwereza, koma mawu anatuluka pang'ono moti anachita kuwerama kuti amve.

"Kufunga usiku ndi kulakwa, ukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa, ndiye?"

Anaseka. Anati, "Tiona. Iwe amene umalira ndi munga wa pa chidendene." Anadya futari yawo, yanga anavundikira. Pa daku anandigwedeza, ndinadzuka, ndinakhala nawo, koma sindinakhudze kanthu.

Lolemba anafunga, inenso chimodzimodzi. Ndinatunga ndowa zanga zinayi monga mwa masiku onse. Chovuta pa mpopi n'chakuti ndowa ikakhala pamutu madzi amatsikira kumaso, ndiye ndinkayenda nditatseka pakamwa. Madzulo ake sanasekenso. Anandigwira chibwano n'kundiika kapu pamilomo, madzi anatayikira pa diresi. Anandigenda ndi patapata. Kenaka anakuwira amake Eliness pa mpanda.

"Tabwerani mudzamuuze mwana uyu! Akufuna kudzipha m'nyumba mwanga!"

Amake Eliness anabwera ndi mwana kumsana. Anayang'ana amayi, anayang'ana ine.

"Ndiuze uti?" anatero. "Mutu ndi umodzi womwewo, wangosiyana mipango. Ine ndikayambe kusonkhetsa nkhuni za maliro awiri."

"Inu musalowerere, si chipembedzo chanu."

"Mwandiitana ndinu, Abiti. Ndipo pa lole ya makala paja miyendo inali yanga, simunafunse chipembedzo."

Anapita akung'ung'udza.

Ndikuuzeni chinthu chimodzi chimene ndinaona masiku amenewo. Lolemba lonse ine ndinapita kuseri kawiri kokha, pang'onopang'ono, wofiirira kwambiri. Lachiwiri m'mawa kamodzi, wosadzaza ngakhale kapu ya tiyi, wakuda ndi wowawa potuluka. Ndinakumbukira kapaipi kopindika kaja ndipo ndinadziwa kuti tanga tikugwira ntchito, tikubweza dontho lililonse. Amayi, amene ankamwa usiku wokha, Lolembalo anapita kasanu ndi kawiri dzuwa lisanalowe. Ndinkawerenga. Zimene adokotala anajambula papepala ndinaziona ndi maso m'nyumba mwathu momwe. Ine ndinali ndi masiku angapo m'thupi. Iwo analibe.

Lachiwiri pa 24 amayi sanapite kumsika. Anati mutu. Anakhala pa mphasa pakhonde, akundiyang'ana ndikamadutsa. Ndowa yoyamba ndinafika nayo. Yachiwiri, cha m'ma teni koloko, nditafika pabwalo ndinaona nthaka ikupendekeka, ndipo ndinapezeka nditakhala pansi, ndowa itagubuduzika, madzi akuyenda cha kwa amake Eliness. Sindinakomoke. Ndinkamva zonse, koma miyendo inakana.

Amayi anadzuka. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu yaikulu ija ya malemu bambo, yodzaza. Ndinatseka pakamwa. Koma sanabwere kwa ine. Anaima pakhomo, padzuwa, akazi a nyumba zitatu akuona, ena a iwo Asilamu anzathu amene anali atafunga. Anati Bismillah n'kumwa kapu yonse osapumira. Kenaka anakatunganso n'kubwera.

"Imwa, chitsiru iwe."

Ndinamwa. Oyamba ndinasanza. Anandigwira mutu n'kumandipatsa pang'onopang'ono, ngati mwana. Nditatha, anapukuta kapu ndi chitenje n'kunena motsitsa mawu kuti anthu asamve.

"Lonjezo lija wathyola ndiwe. Mwana wanga akapwetekeka pansi paja, usadzandiyang'anenso."

Kuyambira pamenepo akumwa. Chigubu chabwerera pambali pa mbaula, koma amachivundikira ndi thumba, ndipo akamamwa amatembenukira ku khoma. Maso ayamba kubwerera. Madzulo aliwonse ndimanyamula mbale ya mpunga ndi nyemba kupita nayo kwa bambo wakhungu uja amakhala pa khomo la mzikiti, monga ananenera ashehe. Amaphika okha, ndipo amadzaza mbaleyo kuposa yathu. Ine ndinayambanso kufunga Lachitatu, mwa njira yake, ndipo tsiku limene ndinathyola ndidzabweza Idi ikapita. Kwa ine amalankhula za ntchito zokha: tunga, sesa, kagule ufa wa tirigu. Madzulo amakakhala pa mpanda kumvera wailesi ya abambo ake a Eliness, imene kale ankati imangosokosa. Nkhani zikatha amafunsa ngati anenapo za ku migodi.

Ine sindikudziwa ngati lonjezo la munthu limagwira miyala kuti isagwe. Ashehe akuti amene amasunga munthu ndi Mulungu, osati ludzu la mayi wake, ndipo ndikuganiza kuti akunena zoona. Koma dzulo kunabwera munthu wa njinga wovala yunifomu kudzafunsa nyumba ya anthu ena, ndipo ndinapezeka nditagwira chitseko ndi manja awiri.

Ndalekeza apa Lachinayi chifukwa nthawi yophika inakwana. Lero ndi Loweruka, ndikupitiriza.

Zopempha zanga ndi izi, achimwene. Joini yanu ikatha mu Malichi musasainenso ina. Ndikudziwa kuti mumafuna kudzagula makina osokera ndi njinga, koma adokotala sanandiuze nambala ya zaka, ndipo Ramadhani ina ikubwera. Zimene ndachita chaka chino sindikudziwa ngati zingathekenso kachiwiri. Amayi amaphunzira msanga.

Za botolo lija, ngati mukufuna kundikalipira kalipani, koma papepala lapadera. Sindinauzepo munthu wina aliyense. Amake Eliness mpaka lero akuganiza kuti kagalasi ka adokotala ndiko kanali kowonongeka, ndipo amauza anthu kumsika kuti asamakhulupirire magalasi. Ndiyenera kudzawauza, koma sindinapeze tsiku.

Chachikulu ndi ichi. Mukangolandira kalatayi, yankhani tsiku lomwelo, ngakhale mizere itatu. Musatchule za lonjezo, amayi sakudziwa kuti ndanena. Mungolemba kuti muli bwino, mukudya, mukugwira ntchito. Koma pamwamba mulembe tsiku momveka, ndi manambala akuluakulu, kuti zioneke kuti mwalemba Lachiwiri lija litadutsa. Pa envulopu mulembe dzina la abambo ake a Eliness, kuntchito kwawo kumene timalandirira makalata, ndipo musonyeze kuti awerenge ndi iwowo. Ndinawafunsa amayi dzulo kuti kalata yanu ikabwera ndidzawawerengere monga kale. Anati munthu amene ananamiza dokotala anganamizenso iwo.

Landirani moni kuchokera kwa amake Eliness ndi amuna awo, akuti mudzawabweretsere mabatire. Shehe Ismael akuti musasiye kupemphera swala ngakhale mutatopa. Bambo wa lole ya makala simukumudziwa, koma anafunsa za inu, ndiye ndalemba. Mundiperekere moni kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko.

Amayi andipeza ndikulemba tsopano lino. Anaima kumbuyo kwanga kanthawi, akuyang'ana pepala. Anafunsa kuti ndi ya kwa yani. Ndinawauza. Anafunsa kuti kalata imatenga masiku angati kupita ndi kubwera. Ndinati mwina masabata atatu. Anawerenga ndi zala. Kenaka anati, "Umuuze kuti ine ndili bwino, sindinadwalepo. Umuuze azivala chipewa chija." Ndalemba monga anenera.

Mukamatsika pansi, achimwene, muziyang'ana kumwamba.

Ine mlongo wanu,
Tatu Mohamed.

Ndamaliza Loweruka pa 28 Okutobala, nthawi ya hafu pasiti leveni m'mawa, ndipo ndikupita nayo ku positi tsopano asanatseke.